Kompyuta ya Madontho Ofiira

Lachiwiri cha m'ma 11 koloko m'mawa, Madala, wokonza makompyuta, anabwerako kuchipatala kokayezetsa maso. Loko wa shopu anamupeza ali bwinobwino. Koma atalowa, pa shelefu ya pakona panali fumbi lokha.

Kompyuta yawo yakale inali itapita.

Malaputopu atatu a makasitomala anali pompo. Wakubayo anasiya zonyezimira zonse, n'kunyamula chibokosi chotuwa cha zaka makumi atatu, cholemera ngati thumba la simenti.

Madala anakhala pansi. M'kompyutamo munali makalata a malemu mkazi wawo. Chaka chimene ankadwala, mayiwo ankakhala pakona pomwepo n'kumataipa ndi zala ziwiri, kulembera mwana wawo wamkazi mawu oti adzawerenge akamadzakwatiwa. Ukwatiwo unali utatsala milungu itatu. Ndipo Madala, amene ankalalikira kasitomala aliyense kuti azisunga zinthu zake pawiri, anali asanakopere ngakhale chilembo chimodzi. Ankangoti mawa. Zoona zake n'zoti ankaopa kuwatsegula.

Sajeni wa polisi, mayi wosachulutsa mawu, anafika 1 koloko.

"Ameneyo ndi wogulitsa zitsulo," anatero. "Pofika pano waiphwanya kale."

"Wazitsulo satenga kiyibodi ndi zingwe, mayi. Uyu akufuna iyake. Masiku ano kuli anthu pa intaneti amene amagula zakalezi n'kumazikongoletsera nyumba. Koma amayamba afuna vidiyo yosonyeza kuti ikugwira ntchito."

"Makiyi ali ndi ndani?"

Madala anazengereza. "Ine. Ndi mlamu wanga, mchimwene wa malemu. Amandisungira wachiwiri."

Sajeni anakafufuza kunyumba kwa mlamuyo tsiku lomwelo, koma sanapeze kanthu. Mlamu analumbira mpaka misozi, ndipo Madala anachita manyazi kuti anamutchula.

Chinkawadya mumtima chinali china. Kompyutayo sinkayaka chisawawa. Disiki yake inali itakalamba, inkamatirira. Umayenera kupendeketsa bokosilo kumanzere, n'kuligogoda kawiri pa nthawi imene layamba kung'ung'udza. Munthu wopupuluma akanaitsegula ndi kuikakamiza, makalata onse akanathera pomwepo.

Lachinayi cha m'ma 10 koloko foni inalira. Anali mayi wina amene Madala anamuphunzitsa ntchito kalekale, yemwe tsopano ankakonza mafoni kumsika.

"Aphunzitsi, pabwera bambo wina ndi chikompyuta chachikale. Akuti wazungulira mashopu anayi, onse amubweza. Mukudziwa anzathu a masiku ano, amangodziwa kuchotsa galasi losweka n'kuika lina. Ine ndatembenuza kumbuyo, ndaona madontho ofiira."

Madala anatseka maso. Chiyambire ntchito, sikuluwu iliyonse imene amanga ankaidonthezera penti wa zikhadabo wa mkazi wawo, kuti azidziwa ngati wina watsegulamo. Ophunzira awo onse ankawaseka nazo.

"Madonthowo asweka?"

"Ayi, ali bwinobwino."

"Usaikhudze, mwana wanga."

"Ndamuuza aisiye, abwerenso 2 koloko. Ndati ndaitana katswiri."

Nthawi yomweyo anaimbira Sajeni. Ali m'basi ndi Sajeniyo kupita kumsikako, Madala ankaganiza za ntchito yawo. Kale makina ankabwera ndi buku losonyeza waya aliyense, ndipo wopanga ankayembekezera kuti mwiniwake adzatsegula. Lero amawamata ndi guluu, batire ikafa umataya chonse. Iwo ankadziona ngati munthu wotha ntchito, wongodikira kuti maso amalizike. Koma lero, m'tauni yonse yodzaza ndi mafoni, wakuba anasowa woti amuyatsire katundu wake kupatula amene anamubera. Zinawaseketsa pang'ono, kenaka zinawamvetsa chisoni.

Nthawi itakwana, Sajeni anakhala pabenchi ngati kasitomala. Madala anali kuseri kwa kauntala, atalumikiza kale zingwe.

Amene analowa anali mlamu uja, foni ili m'manja, wokonzeka kujambula. Atawaona Madala, anaima chilili.

"Alamu..."

"Bwerani pafupi. Simumafuna katswiri?"

Sajeni anali ataima kale pakhomo.

"Ndi chitsulo chabe, alamu," anatero mlamuyo. "Chimangodya fumbi pakona paja. Wogula anati ikangoyaka ndijambule, ndifufute zamkati, nditumize. Ndimati ndidzakuuzani."

"Mufufute?"

Madala anatembenukira ku kompyuta. Anasindikiza batani. Bokosi linayamba kung'ung'udza. Analipendeketsa kumanzere, n'kuligogoda kawiri. Panadutsa kanthawi kopanda kanthu. Kenaka kompyuta inalira kamodzi, zilembo zoyera n'kuyamba kutuluka pa sikirini yakuda.

Makalata onse khumi ndi awiri analimo.

Anatsegula yoyamba kuti aone ngati sinawonongeke. Maso awo sankaona bwino, ndiye mayi wa mafoni uja anawerenga mokweza.

"Mwana wanga, ine pa ukwati wako sindidzakhalapo. Koma usadandaule. Amalume ako adzaima m'malo mwanga. Ndinawalera ndekha, sangakugwiritse fuwa lamoto."

Mayiyo analekezera pomwepo. Mlamu anakhala pansi pa simenti, foni itagwera pambali.

"Sindimadziwa kuti achemwali analemba," anatero.

"Simunafunse," anayankha Madala.

Sajeni anamumanga unyolo mlamuyo, n'kumupereka kwa wapolisi amene ankadikira panja ndi galimoto. Kenaka analoza kompyutayo.

"Iyi tipita nayo, bambo. Ndi umboni. Mudzaitenga mlandu ukatha."

"Kumeneko palibe amene adzaisamale. Ikazima lero, mwina siidzayakanso. Ndipatseni ola limodzi."

"Mukopere pa chiyani? Ilibe n'polowetsa fulashi pomwe."

Madala anapempha kope ndi cholembera. Sajeni anayang'ana wotchi, n'kubwerera pabenchi paja.

Mayi wa mafoni ankawerenga pang'onopang'ono, Madala akulemba, nkhope ili pafupi ndi pepala. Atafika pa mawu onena za amalume, dzanja linaima.

"Tidumphe pamenepa, aphunzitsi?"

Madala anayang'ana kunja, kumene galimoto ya polisi inali itaima ndi mlamu wawo kumbuyo.

"Ayi," anatero. "Mayi a mwana wanga analemba choncho."

Ndipo analemba mawuwo monga momwe analili.