Phazi la Ambuye ku Kabwata

Jannat amakhala ku Mtendere. Ambuye ake, a Hamdan, atate a amayi ake, anabwera kuchokera ku Chipata. Anabwera ndi chofuna chimodzi.

"Ndili mnyamata ndinkakhala ku Kabwata," anatero ambuye. "Ndikufuna kuonanso kanyumba kanga."

"Ndikuperekezani ine," anatero Jannat.

Ambuye anatulutsa nsapato zakuda. Anali atazigula dzulo lake pa salaula, msika wa zovala zakale.

"Atate, musavale izo," anatero amayi a Jannat. "Nsapato zachilendo zimaluma."

"Zilibe mano," anaseka ambuye.

Jannat nayenso anaseka. Palibe anamvera amayi.

Anakwera minibasi mpaka m'tauni. Anaona nyumba yaitali ya Findeco. Jannat anayang'ana m'mwamba mpaka khosi linawawa.

Anayenda, nayenda. Nsapato zinayamba kuluma.

Anafika pa chiboliboli cha ufulu. Ndi munthu wamphamvu amene wadula maunyolo. Pamenepo ambuye anakhala pansi.

"Zandiluma," anatero. "Tibwerere kunyumba, mdzukulu wanga."

Jannat anada nkhawa. Kabwata inali pafupi. Kodi ambuye abwerere osaona kanyumba kawo?

"Vulani, ambuye," anatero.

"M'tauni muno? Anthu andiseka."

Jannat anavula nsapato zake. Anazimangirira m'khosi.

"Atiseke tonse awiri," anatero.

Ambuye anamuyang'ana. Kenako anamasula zingwe.

Anayenda pang'onopang'ono. Phazi lalikulu, phazi laling'ono. Phazi lalikulu, phazi laling'ono.

Ku Kabwata anapeza tinyumba tozungulira ta udzu. Kale munkagona antchito. Tsopano muli anthu osema. Amagulitsa ng'oma, njovu ndi mipando kwa alendo.

Koma tinyumba tonse tinali tofanana.

"Ndi aka?" anafunsa Jannat.

"Kaya."

"Nanga ako?"

"Kaya. Maso aiwala."

Jannat anaima pakhomo lina. Chala chake cha kuphazi chinalowa m'kadzenje. Anayang'ana pansi. Pa simenti panali chidindo cha phazi.

"Ambuye, bwerani muone."

Wosema wa pamenepo anali ba Kasoma. Anaika sompho pansi.

"Ilo ni phazi ya kudala, ya kalekale," anatero ba Kasoma. "Mwine wake sitimuziba."

Ambuye anapondapo. Chidendene chinalowa. Zala zonse zisanu zinalowa.

"Ndinaponda simenti isanaume," anatero ambuye. "Kapitawo anandikalipira tsiku lonse."

Ba Kasoma anawomba m'manja. Anawapatsa mpando.

Anawatchula ba shikulu, kutanthauza ambuye.

"Nkalani, ba shikulu. Mwafika pa nyumba panu."

Pobwerera anapeza amayi ataima pamsewu. Amayi anayang'ana mapazi anayi afumbi. Anayang'ana nsapato zili m'khosi.

"Ndinanena chiyani?" anatero.

Anabweretsa beseni la madzi ofunda. Mapazi anayi analowamo.

"Mtima wakhala pansi," anatero ambuye. "Ndinyamuka kusanache kubwerera ku Chipata. Ndikauze ambuye ako aakazi kuti phazi langa likadalipo."

"Muvala chiyani, atate?" anafunsa amayi.

"Patapata," anayankha Jannat.

Ulendo uno ambuye anamvera.