Lipenga la a Kaliwo Kumanda

Makina otchedwa Chiwongola anameza nyimbo ya jazi ya "Ndikudikira pa Limbe" m'kanthawi kochepa. Anamvetsera mbale yakalekale ya galamafoni, makaseti a magulu a m'mahotela, ndi mawu a mtsikana wina wa ku Beira amene anaiimba ngati akutonthoza mwana. Pa zonsezo anatulutsa nyimbo imodzi yopanda chilema. Kuyambira m'chaka cha 2091, kachipangizo ka m'khutu kamene anthu a mu Blantyre ankavala kanayamba kuwongola woimba aliyense. Woimba akaphonya, khutu linkamva zolondola.

Amene anapanga makinawo anali Zione Kaliwo. Bambo ake anakalamba akuliza nyimboyi pa lipenga.

"Nyimbo imeneyi yafika kuno chifukwa aliyense amaipotoza mwa njira yake," anatero a Kaliwo. "Iwe waiika m'bokosi."

"Ndaisunga, bambo. Sidzatayikanso."

Mvula itayamba, amayi ake a Zione anamwalira. Kumanda, nkhata zitaikidwa, a Kaliwo anatukula lipenga. Zione anamva nyimbo ikuyenda bwinobwino, yosalala, ndipo mumtima ananyadira kuti mdalayo akadali ndi mpweya. Koma atakweza maso anaona zala za bambo ake zikuphonyaphonya pa lipengalo. Kenako lipenga linatsika pamilomo n'kulendewera m'dzanja, koma m'khutu mwake nyimbo inkapitirirabe.

Anazula kachipangizoko. Kunali zii. Azakhali ake, amene anakana kuvala zinthu zimenezo, anali atagwada pansi akulira.

"Azakhali, mwamva chiyani?" Zione anafunsa.

"Iwe sunamve? Achimwene amalankhula ndi amayi ako. Lipenga linasweka mawu pakati, linayesanso, linakanika kutsanzika."

Zione anayenda kwa aliyense amene anajambula mwambowo. Mafoni onse, poti nawonso anali ndi Chiwongola, anali atasunga nyimbo yowongoledwa ija.

Patapita mlungu Zione anagwada pakhomo pa bambo ake ku Zingwangwa.

"Bambo, ndilizireninso. Ndachotsa kam'khutu."

A Kaliwo anamuyankha opanda mkwiyo.

"Inali ya amayi ako, mwanawe. Anapita nayo."

Lipengalo a Kaliwo sanaligwirenso. Zione anabwerera ku ntchito, kumene makina ake ankasunga mawu a oimba onse amene anakhudzapo nyimboyo, amoyo ndi akufa omwe. Anakhala pakati pawo tsiku lonse osayatsa chilichonse. Tsiku limene bambo ake anatsegula mtima pamaso pa anthu, iye anaima pafupi penipeni ali wogontha.