Bokosi la Kamphepo

Panali kamtsikana kena kotchedwa Kamphepo. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake. Ankathamanga ngati mphepo. Akamutuma, ankangoti fyuu! Wapita. Fyuu! Wabwerako.

Koma masiku amenewa Kamphepo anali ndi nkhawa. Amayi ankadwala. Anawagoneka m'chipatala. Mpando wawo unali wokha. Kapu yawo inali yokha. Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna amayi achire.

Tsiku lina anamva abambo akulankhula pa foni.

"Sakudya," anatero abambo. "Adokotala akuti akapanda kudya, sachira msanga."

Mtima wa Kamphepo unangoti myuu.

"Mwina kuchipatala kulibe chakudya," anaganiza. "Ndiwasungira changa."

M'mawa abambo anamupatsa buledi ndi nthochi. Kamphepo sanadye. Anabisa buledi m'bokosi la nsapato. Anabisanso nthochi. Bokosilo analikankhira pansi pa bedi.

"Wadya, mwanangu?" anafunsa abambo.

"Eya, ababa," anayankha Kamphepo.

Ha! Bodza lamkunkhuniza!

Mawa lake anamupatsa dzira. Dzira linalowa m'bokosi. Mkuja wake anamupatsa nthochi ina. Nthochi inalowa m'bokosi. Madzulo ankangolawa pang'ono. Bokosi linayamba kulemera. Kamphepo anayamba kupepuka.

Mimba yake inkalira kuti guu, guu.

"Khala chete, iwe," ankatero Kamphepo. "Zimenezo ndi za amayi."

Kusukulu anzake anamuitana.

"Kamphepo, tiye tipikisane!"

Kamphepo anathamanga pang'ono. Koma mayo, miyendo inakana! Anamva chizungulire. Bwalo linazungulira. Mitengo inazungulira. Kamphepo anangoti khu, pansi.

Aphunzitsi anamunyamula. Anamumwetsa madzi a shuga. Kenako anaimbira foni abambo. Abambo anafika ali wefuwefu. Anamubereka kumsana mpaka kunyumba.

Atalowa m'chipinda, abambo anagwira mphuno.

"Phuu! Chikununkha n'chiyani muno?"

Pansi panali mzere wa nyerere. Nyerere zinkalowa pansi pa bedi. Abambo anagwada. Anakoka bokosi. Analitsekula.

Kalanga ine! Nthochi zinali zitada bii. Buledi anali atachita nkhungu. Za dzira, tisanene n'komwe.

Kamphepo anayamba kulira.

"Zinali za amayi," anatero. "Munati sakudya. Tsopano zawola. Amayi adya chiyani, ababa? Achira bwanji?"

Abambo anakhala pansi. Anamufungata.

"Mwanangu, kuchipatala chakudya chilipo," anatero. "Amayi ako sichikuwatsika pakhosi. Ali ndi nkhawa. Tsiku lililonse amandifunsa kuti, 'Kodi mwana wanga akudya?'"

Nthawi yomweyo china chake chinalira. Guu, guu! Sinali mimba ya Kamphepo. Inali mimba ya abambo!

Kamphepo anawayang'ana ndi maso amisozi.

"Ababa, nanunso simukudya?"

Abambo anakanda m'mutu.

"Wandigwira," anatero. "Nanenso ndili ndi nkhawa. Ndikaona mpando wa amayi ako, njala imathawa."

"Ndiye inunso mugwa ngati ine?" anafunsa Kamphepo. "Tikagwa tonse, amayi awagwira ndani?"

Abambo anadzuka.

"Tiye kukhitchini," anatero.

Anataya za m'bokosi zija. Anasamba m'manja ndi sopo. Abambo anaphika mpunga ndi masamba. Anakhala patebulo awiriwiri.

"Supuni imodzi iwe," anatero abambo.

"Supuni imodzi inu," anatero Kamphepo.

Poyamba zinali zovuta. Koma anameza. Supuni imodzi iwe. Supuni imodzi inu. Mbale zinayera.

Mawa lake anadyanso limodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Ankatsuka mano limodzi. Ankagona msanga. Nkhawa sinathe, ayi. Inalipobe m'mawa. Inalipobe madzulo. Koma ankadya ndithu.

Loweruka anapita kuchipatala. Munali mabedi ambiri. Munkamveka fungo la mankhwala. Kamphepo anagwira dzanja la abambo zolimba.

Amayi anali pa bedi lakumapeto. Anali ataonda. Kamphepo anachita mantha.

"Bwera kuno, mwanangu," anatero amayi motsitsa mawu. Anamugwira masaya. "Kodi ukudya?"

"Eya, amayi. Ndikudya. Ababanso ndikuwadyetsa."

Amayi anaseka pang'ono.

Kenako kunabwera anamwino.

"Mayi ayenera kuyenda pang'ono lero," anatero anamwino. "Bambo, gwirani mbali iyi. Nanga mbali inayi agwira ndani? Pakufunika phewa lolimba."

"Ine," anatero Kamphepo.

Amayi anaimirira pang'onopang'ono. Anatsamira paphewa la Kamphepo. Mtima wa Kamphepo unagunda, gu, gu, gu. Bwanji akamvanso chizungulire? Bwanji akagwa? Amayi angagwe naye!

Anaponda phazi limodzi. Miyendo sinakane. Anapondanso lina. Chipinda sichinazungulire. Anayenda, anayenda, mpaka anafika pawindo.

"Eee, koma mwana uyu ndi wamphamvu!" anatero anamwino.

Amayi anapumira m'mwamba. Anayang'ana Kamphepo. Anayang'ana abambo. Nkhope yawo inamasuka.

"Anamwino," anatero amayi, "kodi mbale yanga ija mwaichotsa?"

"Ayi, mayi. Ili patebulo."

"Ndibweretsereni. Ndikumva njala."

Abambo anatembenuka, n'kupukuta misozi. Amayi anabwerera pa bedi. Kamphepo nayenso anakwera pa bedipo. Anatenga supuni. Amayi anatsekula pakamwa, n'kudya.