Waya Watsopano, Pepala Lakale

Analakwa, ndipo sanalakwe mosadziwa. Tinene zimenezi poyamba, kuti wina asamuikire kumbuyo.

Anakulira m'nyumba yabwino. Bambo ake anali okonza magetsi, munthu wa manja okhakhala amene ankayamba wapemphera asanakwere makwerero. Mayi ake ankasoka zovala pakhonde. Mnyamatayu atapeza ntchito ku kampani yogulitsa mawaya a magetsi, bambowo anamupatsa dzina loti Kalaliki, ndipo linamukakamira.

"A Kalaliki, ntchito yanuyo thukuta limatuluka?" ankamuseka choncho madzulo, akuvula nsapato.

Ntchitoyo inali yotere. Waya wa mtundu uliwonse unali ndi pepala lake lofotokoza kunenepa kwa kopa, mkuwa wa mkati mwake, ndi mphamvu ya magetsi imene ungasenze usanatenthe. Kale mapepalawa ankawatayipa limodzilimodzi. Tsopano kompyuta inkawapanga yokha n'kuwatumiza kumashopu onse. Kalaliki ankangolowetsa manambala ochokera kwa mayi wina amene ankayesa mawaya m'chipinda chakumbuyo, kenako n'kudina potsimikiza kuti wawaona ndi maso ake.

Poyamba ankawaonadi, nambala iliyonse chala chili pamwamba pake.

Tsiku lina kampani inabweretsa waya watsopano. Mnzake wa kumalonda anabwera n'kukhala pakona ya tebulo lake.

"Aise, pepala la waya watsopano uja lili kuti? Mashopu akundiimbira."

"Manambala ake sindinalowetse. Ndi ambiri."

"Waya ndi waya, aise. Kopera la wakale uja, usinthe dzina basi. Amawerenga mapepalawa ndani? Tiye tikaonere mpira."

Anakopera. Kompyuta sinafunse kanthu. Inatulutsa pepala loyera bwino, la chizindikiro cha kampani pamwamba, n'kulimwaza kumashopu.

Mawa lake mayi woyesa uja anasuzumira pakhomo. "Achimwene, watsopano uja kopa wake ndi wopyapyala. Musausokoneze ndi wakale."

"Musadandaule mayi, ndalowetsa kale."

Bodza likalowa, limasiya chitseko chotsegula. Posakhalitsa anapeza njira yotsimikizira mapepala ambiri ndi kudina kumodzi. Ntchito inkatha m'mawa, masana onse ali pafoni, miyendo pansi pa tebulo itatambasuka.

Mayi ake anaona. "Masiku ano ukubwera wosatopa, koma sukundiyang'ana kumaso. Ukudya za ulesi iwe?"

"Makina ndi amene amagwira ntchito, amayi."

"Anganso awa ndi makina, koma ndikangoyang'ana kumbali amandisoka chala."

Madzulo ena anapeza mpukutu wa waya watsopano uja uli kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Bambo ake anali osangalala. Anali atapeza ntchito yolumikiza uvuni waukulu kwa mayi wina wophika buledi.

"Wa pashopu amati ndigule wonenepa," anatero bambowo. "Ine ndamuonetsa pepala lako. Ndamuuza kuti uwu ukwana, walemba ndi mwana wanga."

Kalaliki anayang'ana mpukutuwo. Anafuna kuwachenjeza. Koma kunena kukanatanthauza kuulula zonse, pamaso pa amayi ndi alongo ake. Mumtima anati, mwina upirira. Anapita kukasamba.

Sunapirire. Tsiku loyesa uvuni, waya unatentha m'denga, utsi n'kuyamba kutsika. Anthu anathawira panja. Bambo ake anabwerera mkati kukazimitsa magetsi, ndipo bokosi la magetsi limene anagwira linali ngati khala. Palibe anafa, koma denga linagwa, ndipo manja onse awiri a bambowo anapsa.

Woyendera za magetsi anati waya unali wochepa. Mumsewu anthu anayamba kunena kuti mkuluyo anagula wotchipa dala. Chiphaso chake cha ntchito chinali pafupi kulandidwa.

Kalaliki anapeza mayi ake akuchapa mabandeji kuseri kwa nyumba.

"Woyendera uja wabweranso," anatero osatukula mutu. "Wawafunsa kuti anatsata chiyani posankha waya. Bambo ako angoti, 'Ndinalakwitsa ndekha.' Za pepala sanatchule."

"Chifukwa chiyani?"

"Ukufunsa ine?"

Apa m'pamene Kalaliki anamvetsa. Bambo ake ankadziwa. Munthu amene moyo wake wonse sanalumikizepo waya mwachinyengo anali kuvala dzina la wakuba kuti mwana wake asavulidwe.

M'mawa Kalaliki anapita kwa bwana wake n'kunena zonse. Kampani inaitanitsa waya uja m'mashopu, inalembera woyendera, ndipo iye inamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Mnzake wa kumalonda anangomudutsa pakhonde ngati sakumudziwa. Chiphaso cha bambo ake chinapulumuka, koma zala ziwiri za kumanja sizinadzapindikenso.

Achinyamata, imvani. Ulesi wa masiku ano subwera utavala nsanza. Umakhala pampando wabwino, malaya atasitidwa. Makina amachulukitsa chimene mwawapatsa, choona kapena chonama, ndipo kumapeto kwake kumakhala munthu amene wakukhulupirirani. Musatsimikize chimene simunachione.

Kalaliki atafika kunyumba anapeza bambo ake pakhonde, manja ali pamaondo, kapu ya tiyi ikuzizira pambali chifukwa sakanatha kuinyamula. Anagwada, n'kuinyamula, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono.

"A Kalaliki mwaweruka msanga lero," anatero bambowo, mawu ali pansi.

"Musanditchulenso choncho, bambo."

"Ndikutchule chiyani? Udakali mwana wanga."

Misozi inatsika. Anaika kapu pansi, n'kulankhula mokweza kuti amayi ndi alongo ake amve ali m'nyumbamo.

"Bambo, pepala lija ndinanama. Waya uja ndinauona kuseri kwa chitseko, ndikudziwa, ndipo ndinakhala chete. Manja awa ndawawotcha ndi ine. Ndalakwira Mulungu, ndalakwira inu. Ndikhululukireni."