Nkhope Imene Keti Anaiphunzitsa Kulankhula

Tsiku limene Ambrose analowa mu studiyo ya makanema ku Monkey Bay, anali atafungatira loboti ngati mwana wodwala. Kanali kabwato kodziyendetsa kokha, komwaza chakudya cha chambo m'makeji oweteramo nsomba a panyanja. Kampani imene Ambrose ankagwirako ntchito inkafuna kanema wotsatsa malonda, ndipo ntchitoyo inagwera Keti, mtsikana wa pa kamera.

"Imani apo, achimwene, mutiuze kuti kanthu kanuka kamatani," anatero Keti.

"Lo-lo-loboti iyi..." Ambrose anayamba, thukuta lili kamukamu. Kalanga ine, mnyamata wooneka bwino chonchi, koma chibwibwi chake chadzaoneni! Anayesayesa mpaka batire la kamera linatha.

Keti anamumvera chisoni. "Musavutike. Ndijambula nkhope yanu ndi mawu anu, pulogalamu ya AI iphunzire. Tikatero tizingolemba mawu, nkhopeyo izilankhula yokha."

Kanemayo atatuluka, Ambrose wa pakompyuta ankalankhula ngati muulutsi wa pawailesi. Ambrose weniweni anaseka mpaka misozi, napempha kuti naye aphunzire. Keti anamuphunzitsa zonse, osabisako kanthu. Paja mtima ukagwa, mutu sufunsidwa.

Posakhalitsa anali akudyera kanyenya mbale imodzi.

"Ke-Keti, duwa langa," Ambrose ankatero atamugwira dzanja, "pakamwa panga pamapunthwa, koma mtima wanga suchita chibwibwi. Ndi-ndikukwatira basi."

Keti anakauza malume ake, a Simioni, ndipo tsiku la chinkhoswe linakhazikitsidwa.

Kenaka Ambrose anati amutuma ku Salima kukaika maloboti ena. M'mawa uliwonse pafoni ya Keti pankagwa kanema.

"Keti wanga, dzuwa likamatuluka ndimaona iwe. Palibenso wina, wapamtima. Ndine wako mpaka kumanda."

Masiku oyamba Keti ankaipsompsona foniyo. Koma kenaka mtima unayamba kumuuza zina. Ambrose wake uti wotha kunena mawu onsewa osapunthwa? Nanga malaya abuluu omwewo tsiku ndi tsiku, chikwama anamubera panjira? Akamuimbira, foni inkangoitana mpaka kudula yokha. Patapita nthawi kunkabwera meseji: "Netiweki, bebi. Usandiganizire zoipa."

Keti sanali wogona pa ntchito yake. Ankadziwa kuti pulogalamu yawo yotchipa ija imabalalika munthu akamadya: milomo imapotoka, zala zimachuluka. Choncho analemba: "Dale, nditumizire kanema ukukukuta chimanga chootcha. Ndasowa kukuona ukudya."

Yankho linabwera madzulo: "Kuno chimanga kulibe. Kodi wasiya kundikhulupirira?"

Ku Salima kopanda chimanga chootcha! Keti anaseka yekha, kuseka kowawa. Komabe anadzitonthoza. Mwina akuchita manyazi ndi chibwibwi chake, akufuna azindilankhula mosadodoma. Kodi limenelo ndi tchimo? Munthu akakonda, ngakhale bodza amalipatsa mpando.

A Simioni anaimba foni. "Mphwanga, akuchimuna angoti zii. Loweruka lino mbuzi tiphe kapena ayi?"

"Mudzaphe, malume. Abwera," anayankha Keti, koma mawu ake analibe mphamvu.

Lachinayi m'studiyomo munalowa mtsikana wovala chitenje chatsopano, nkhope yonse ili mwee. Anati dzina lake ndi Lusia, wa ku Nkhudzi.

"Achemwali, mundiikireko kanyimbo pa kanema wa bwenzi langa. Ndikufuna tidzauonetse pa chinkhoswe chathu mwezi wamawa."

"Zabwino zonse, mwachita mwayi," anatero Keti, akulumikiza foniyo ku kompyuta. Anadina.

Malaya abuluu aja.

"Lusia wanga, dzuwa likamatuluka ndimaona iwe. Palibenso wina, wapamtima. Ndine wako mpaka kumanda."

Keti anaimitsa kanemayo.

"Amatha kulankhula, eti?" Lusia anafunsa monyadira. "Koma pamaso ndi wamanyazi, amachita chibwibwi. Akuti pa kamera pokha ndi pamene lilime limamasuka."

"Ali kuti masiku ano?" Keti anafunsa chapansipansi.

"Kwathu konko, amayang'anira maloboti pa makeji. Dzulo lomweli anadya kwathu, amayi anamuwotchera chimanga."

Ku Nkhudzi, pamphuno pomwepa, poti ungapite ndi njinga yamoto n'kubwerako tiyi asanazizire. Keti anamva kuwawa kosasimbika. Anayang'ana nkhope ya pakompyutayo. Ndi iye amene anaijambula, ndi iye anaisankhira kuwala, ndi iye anaiphunzitsa kutsegula pakamwa. Ankati akuthandiza munthu wachibwibwi, osadziwa kuti akumusulira chida chonamizira iye mwini.

Anatenga foni yake, nalembera a Simioni: "Malume, Loweruka kulibe chinkhoswe. Ndidzafotokoza."

"Achemwali, mukulira? Akukhudzani mawuwo?" Lusia anafunsa akuseka.

Keti anaganiza zongoika kanyimboko, mtsikanayo azipita ndi chimwemwe chake. Koma nanga iye akanakonda kubisiridwa? Anapukuta misozi, nakoka mpando.

"Khalani apa, mnzanga. Nyimbo idikire kaye, ndikuonetseni wanga."

Anatsegula kanema amene analandira m'mawa womwewo.

"Aa, si wanga uyu? Mwamutenga kuti?" Lusia anafunsa, akumwetulirabe.

Anamwetulirabe choncho mpaka nkhope ija inatsegula pakamwa, n'kutchula dzina la Keti.