Utsi Wabwerera M'khitchini

Modesta ankakhala m'mudzi wa m'mapiri, kufupi ndi ku Mvera. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali ndi mlongo wake wakhanda. Dzina lake linali Aroni.

Modesta ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Aroni asiye kutsokomola.

Amayi ankaphika pa mafuwa. Utsi unkadzaza m'khitchini monse. Aroni ankakhala kumsana kwa amayi.

"Kho! Kho! Kho!" ankatsokomola Aroni.

Modesta akamva zimenezi, mtima unkamuwawa.

Tsiku lina abambo ake, a Dominiko, anamanga mbaula ya njerwa. Anamanganso chumuni. Chumuni ndi njira ya utsi. Utsi unkakwera m'chumuni. Unkatulukira pamwamba pa denga, uli tolotolo.

Modesta anathamangira panja. Anakweza dzanja.

"Pita bwino, utsi! Usabwerenso!" anafuula.

Aroni anasiya kutsokomola. Anayamba kuseka. Anayamba kunenepa. Masaya ake anali ngati mandasi awiri.

Modesta anapatsidwa ntchito yake. M'mawa uliwonse ankawola phulusa. Amayi ankayamba aona ngati mbaula yazizira. Kenako Modesta ankathira phulusa m'chidebe chachitsulo. Ntchitoyi ankainyadira kwambiri.

Onse anakondwa ndi chumuni. Koma munthu mmodzi sanakondwe. Anali agogo a Alexio, bambo awo a amayi.

Kudenga kwa khitchini kunali chimanga cha agogo. Chinali chimanga cha makolo, chamawangamawanga. Mbewu yake anaisiya ndi agogo aakazi, a Iness, amene anamwalira. Agogo a Alexio ankaidzala chaka ndi chaka. Akakolola, ankasankha chimanga chabwino n'kuchipachika kudenga.

Tsiku lililonse agogo ankalowa m'khitchini. Ankayang'ana kudenga. Ankangoti, "Mmm." Kenako ankatuluka.

Mwezi wa Juni unafika. Kunja kunazizira. Nkhungu inaphimba mapiri. Onse ankaothera moto m'khitchini.

M'mawa wina amayi anasonkha moto. Utsi sunakwere m'chumuni. Unabwerera m'khitchini. Unalowa m'maso. Unalowa m'mphuno.

"Kho! Kho! Kho!" anayambanso Aroni.

"Iii, mwana wanga ine!" anatero amayi. Anatuluka naye panja msangamsanga. Anatsegula chitseko ndi zenera.

Modesta anada nkhawa. Kodi utsi wabwereranji? Si uja anatsanzikana nawo?

"Amayi, mwina nkhuni ndi zaziwisi," anatero Modesta.

Anatenga kankhuni kamodzi. Anakathyola. Kanalira kuti thyo!

"Ayi, nkhunizi ndi zouma," anayankha amayi.

"Mwina phulusa lachuluka," anateronso Modesta.

"Ayi, mwana wanga. Wawola wekha m'mawa uno."

Nkhuni zinali zouma. Phulusa munalibe. Nanga vuto linali pati?

Modesta anaima pabwalo. Anayang'ana pamwamba pa denga. Utsi sunkatuluka m'chumuni ngakhale pang'ono. Koma Modesta anali wamfupi. Sankatha kuona pakamwa pa chumuni.

Kuseri kwa nyumba kunali chitunda. Modesta anakwera chitundacho. Anakwera, anakwera, mpaka wefuwefu. Anaima pa mwala waukulu. Tsopano denga lonse linali kunsi kwake.

Anayang'anitsitsa. Pakamwa pa chumuni panali chinthu chakuda. Linali phale, chidutswa cha mphika wosweka!

Modesta anatsika liwiro.

"Abambo! Amayi! Chumuni chavala chipewa!"

Abambo anabwera ndi makwerero. Amayi anazima moto. Onse anadikira kuti mbaula izizire.

"Ndikwere ine?" anafunsa Modesta.

"Ayi, mwanawe. Kudenga amakwera ndi akuluakulu," anatero abambo. "Iwe uyang'anire mlongo wako."

Abambo anakwera. Anachotsa phale lija. Anatsika nalo.

"Phale silikwera lokha padenga," anatero amayi. "Waliika ndani?"

Agogo a Alexio anakanda kumutu. Anayang'ana pansi. Anayang'ana nkhuku. Nkhuku nazo zinangowayang'ana.

"Ndine," anatero agogo motsitsa mawu. "Ndinakwera pa mtondo wosinjira dzulo madzulo."

"Ababa! Pa mtondo? Ndi miyendo yanu yomweyo?" anadabwa amayi.

Paja agogo ndi apongozi awo a abambo. Choncho abambo anangoyang'ana phale ngati sanalionepo phale chibadwire.

Modesta anakhala pafupi ndi agogo.

"Agogo, munaliikiranji?" anafunsa mwaulemu.

Agogo anapumira m'mwamba.

"Mdzukulu wanga, utsi ndiwo umasunga mbewu. Umathamangitsa anankafumbwe, tizilombo tija timaboola chimanga. Tsopano utsi wonse ukuthawira kunja. Dzulo ndinapeza nankafumbwe m'chimanga cha agogo ako aakazi. Mbewu ija ikatha, sindidzaipezanso kwina."

Pomwepo Aroni anatsokomola.

"Kho! Kho! Kho!"

Agogo anatembenuka. Anaona maso a Aroni ali psuu. Misozi inalengeza m'maso mwa agogo.

"Ine ndimaganiza za chimanga," anatero. "Za mwanayu sindinaganize. Ndalakwa. Chumuni chikhale chotsegula. Mbewu ingopita."

Modesta anamva chisoni. Ankakonda Aroni. Ankakondanso agogo. Sanafune kuti Aroni azitsokomola. Sanafunenso kuti mbewu ya agogo aakazi ithe.

Anaganiza, anaganiza. Maso ake anagwera pa chidebe chake cha phulusa.

"Amayi, paja khobwe mumamusunga m'chiyani?"

"Mu mtsuko, mwana wanga. Ndimamusakaniza ndi phulusa."

"Anankafumbwe amamudya?"

"Ayi, phulusa amadana nalo."

"Ndiye chimanga cha agogo nachonso tichiike m'phulusa! Phulusa ndili nalo lambiri!"

Agogo anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ha! Ine ndi imvi zonsezi, kukakwera pa mtondo. Chonsecho mankhwala ali m'chidebe cha mdzukulu wanga!"

Tsiku limenelo aliyense anagwira ntchito.

Abambo anatenga nsungwi yaitali. Anamangirira chiguduli kunsonga kwake. Anakweranso padenga. Analowetsa nsungwi m'chumuni. Anakwecha, anakwecha. Mwaye unagwa pansi, wakuda bii.

"Taona mwaye wonsewu," anatero abambo. "Mwaye ukachuluka umatseka njira ya utsi. Nthawi zina umayaka moto. Chumuni chimafuna kusesa kawirikawiri."

Abambo atatsika, onse anaseka. Nkhope yawo inali bii. Mano okha ndiwo ankaoneka. Aroni anabisa nkhope pachifuwa cha amayi. Sanawadziwe abambo ake!

Amayi anasesa mwaye. Anamata ming'alu ya mbaula ndi dothi. Anasunthira nkhuni kutali ndi moto.

Agogo ndi Modesta anakhala pamphasa. Anatonola chimanga. Anataya njere zobooka. Anayanika zabwino padzuwa. Modesta anasefa phulusa lozizira. Anasakaniza njere ndi phulusa. Anathira zonse mu mtsuko.

"Tivundikire ndi chiyani?" anafunsa agogo.

Modesta anathamanga. Anabwera ndi phale lija.

"Chipewachi chipeze mutu wina," anatero.

Agogo anavundikira mtsuko ndi phale. Anamata m'mbali ndi dothi. Anausisita mtsukowo pang'onopang'ono.

"Gona bwino, mbewu ya Iness," ananong'ona. "Tidzaonana mvula ikagwa."

Dzuwa litapendeka, amayi anasonkha moto. Moto unayaka bwino. Utsi unakwera m'chumuni. M'khitchini munali mofunda. M'maso simunkawawa.

"Bwera naye kuno mwanayo," anatero agogo.

Anamunyamula Aroni. Anaika khutu pachifuwa chake. Anamvetsera, anamvetsera. Aroni sanatsokomole. Anangogwira ndevu za agogo n'kuzikoka.

"Mayo! Mphamvu zabwerera!" anatero agogo.

Kenako anatuluka naye panja. Modesta anawatsatira. Utsi unkatuluka pamwamba pa denga, uli tolotolo.

Modesta anakweza dzanja. Koma agogo anamuyambirira. Anagwira kadzanja ka Aroni. Anakakweza m'mwamba.

"Pita bwino, utsi!" anafuula agogo. "Usabwerenso!"