Tebulo la Paini la ku Lobi

Izi si za kandimverere. Ndinaziona ndi maso angawa masanasana, ndisanalawe ngakhale kadontho, ndipo wokayika apite ku Lobi akafunse a Gervazio akalipentala, alipo ndithu ngakhale makutu adayamba kugontha. Ine ndine Kalisto, wokonza makompyuta, ndipo sindichedwa kupsa mtima munthu akandiuza kuti makina alodzedwa. Makina akavuta ndiye kuti pali waya wosagwira, pali fumbi, kapena pali chitsiru chimene chagwira posayenera.

Munali mu Juni chaka cha 1992, nthawi ya chipani chimodzi. Bungwe lina la alimi a mbatatesi kumeneko linalandira kompyuta kuchokera kwa azungu, ndipo abwana anga ku Lilongwe ananditumiza kuti ndikaikemo pulogalamu yaikulu, ija yoti popanda iyo kompyuta imangokhala chibokosi choyaka nyali. Pulogalamuyo inali m'madisiki angapo olowetsa motsatana. Ndinkati ndi kantchito kochepa, dzuwa likamapendeka ndikhala ndili pa Chimbiya kudikira basi.

Anandilandira a Zefaniya, wapampando wa bungwelo, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'deralo, bambo wa baji pachifuwa, wolankhula nawe ngati uli khamu la anthu. Mawa lake kumabwera alendo aakulu kudzaona kompyutayo, choncho anali ataikhazika kale patebulo lalitali la paini pakati pa ofesi. Anandichenjeza kuti isasunthe pamenepo, poti ndi pamene alendo adzajambulitse chithunzi.

Kunja kunali chifunga chija cha ku Dedza choti mbuzi umangoimva kulira osaiona. Jenereta inkalira kuseri, amayi ankayeza matumba a mbatatesi pakhonde. Disiki yoyamba inapita bwino. Yachiwiri itafika pakati, sikirini inada bii, kompyuta inalira kamodzi kuti pii, n'kudzukanso yokha ngati ndangoiyatsa kumene. Ntchito yonse inabwerera poyambira.

Ndinaimba mlandu jenereta. Ndinayeza magetsi, anali bwinobwino. Ndinati kapena madisiki, ndinatulutsa ena m'chikwama, nawonso kompyuta inawakana pamalo omwewo. Ndinatsegula chivundikiro, kuuzira fumbi, kukanikiza timatabwa ta memore, kuona ngati fani ikuzungulira. Ndinazula ngakhale kawaya ka batani loyambitsiranso, poganiza kuti likudzikanikiza lokha. Ndinayambanso. Pii. Inafa n'kudzuka, ine ndikutukwana chamumtima amene anaipanga ndi abale awo onse.

Kenako ndinayamba kumva fungo. Utomoni wa paini wongocheka kumene, pamene tebulolo linali lakale, lakuda ndi thukuta la m'manja. Ndinazindikiranso kuti kompyuta isanazime pamamveka kugogoda pansi pa thabwa, pang'onopang'ono, ngati munthu akukhomera msomali koma sakufuna kumvedwa.

A Zefaniya atatuluka, ndinaitsitsa pansi kuti ndiione bwino m'kati, ndipo ndinayesa ili pomwepo pasimenti. Disiki yachiwiri inadutsa, yachitatu inalowa. Ndinaseka ndekha, ndinaizimitsa, n'kuibweza patebulo kuti ndiyambe bwino. Go, go, go. Pii. Mdima.

Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa tebulo. Matabwa ake sanali owongoka. Anali otambalala kumtunda, owonda kumunsi, wina atachita kuphatikamo tizidutswa kuti afanane. M'mbali munali mabowo akale a misomali. Amene anapitako kumaliro akudziwa mmene thabwa lotere limaonekera.

A Gervazio ankakonza zenera pafupi pomwepo. Nditawafunsa amene anakhoma tebulolo, anayang'ana kukhomo kaye, kenako anandiuza chamunsimunsi kuti ndi iwo, koma poyamba silinali tebulo. Kunali mphunzitsi, a Yeremiya, amene anafunsa pamsonkhano chifukwa chimene mayi woyembekezera ankagulitsidwira makadi awiri a chipani. Anatengedwa pagalimoto ana akuona. Patapita zaka kunabwera uthenga woti amwalira kundende, ndipo a Gervazio anakhoma bokosi. Thupi silinabwere. A Zefaniya analengeza kuti woukira boma saliridwa, amene alire atsatira, ndipo analamula kuti bokosilo liphwasulidwe likhale tebulo la ofesi, matabwa asawonongeke.

"Akazi a Yeremiya ndi awo, mayi Marita," anatero a Gervazio, akuloza ndi mlomo mayi wamtali wa duku lakuda amene anaima pasikelo. "Muno salowamo. Sanalirepo mpaka lero."

Mtima wanga unawira. Mayi ameneyo chaka chilichonse ankabwera kudzayezetsa mbatatesi pakhonde, bokosi la mwamuna wake likumuyang'ana pakhomo, anthu akuikapo makapu a tiyi.

A Zefaniya atabwerera anapeza ndikumasula mawaya. Ndinawauza kuti kompyuta ilibe vuto, koma patebulo limenelo sindiikapo kanthu, ndipo alipereke kwa eni ake. Nkhope yawo inasintha. Anatseka chitseko, a Gervazio ali momwemo.

"Achimwene, mukudziwa kumene amapita anthu olankhula chonchi?"

"Ndikudziwa, bambo. Kumene anapita eni ake a matabwawa."

Pakamwa panali patatseguka kale. Ndinawauza kuti aitane anyamata awo a chipani a malaya ofiira ngati akufuna, koma mawa alendo adzapeza kompyuta yongofa n'kudzuka, ndipo chifukwa chake adzafotokoza okha. Anandinena kuti ndine wabodza, ndalephera ntchito ndiye ndikunamizira akufa. Anatsamiza dzanja lawo patebulo n'kundilamula kuti ndiyatse iwo akuona.

Sindinayatse. Pulagi inali m'manja mwanga, ndinawaonetsa.

Kunja jenereta inatsokomola n'kuzima. Fungo la paini linadzaza m'chipindamo mpaka kuyabwa kukhosi.

Go.

A Zefaniya anayang'ana dzanja lawo.

Go. Go.

Pansi penipeni pa chikhatho chawo.

Pii.

Sikirini inayaka. Sipanalembedwe kanthu. Kamzere koyera kokha kankaphethira pakona. Tinaima tonse atatu, a Gervazio akulemba chizindikiro cha mtanda. Kenako inazima.

A Zefaniya anachotsa dzanja ngati agwira mbaula, analipukuta pathalauza, n'kutuluka osatiyang'ana. Chitseko anachisiya chotsegula. Ndinatsitsa kompyuta, ndipo ine ndi a Gervazio tinagwira tebulo uku ndi uku n'kulitulutsa pakhonde pamaso pa aliyense. Ndinafuula kuti amve ndi akumsewu omwe, kuti mayi Marita alandire katundu wawo.

Mayiwo anasendera, anasisita thabwa lija kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, anagwada. Kulira kwawo kunayamba ngati kutsokomola. Kenako kunatuluka konse, akutchula dzina la mwamuna wawo mokweza, dzina limene mudzi wonse unaliika pansi pa lilime kwa zaka. Ena anathawa n'kusiya matumba awo. Koma mayi wina anatula dengu n'kulandira malirowo, wina anatsatira, mpaka khonde lonse linali kubuma, chifunga chikumeza mawu n'kuwabwezanso kuchokera kuphiri.

Kompyuta ndinaimaliza madzulo omwewo ili pabenchi, sinadandaule ngakhale kamodzi. Basi ya ku Lilongwe ndinaisiya dala ipite. A Gervazio anaphwasula tebulo n'kubwezera matabwa mmene analili, ndipo misomali inkalowa m'mabowo ake akale. Mayi Marita anabweretsa jekete la malemuwo, limene anabisa kudenga nthawi yonseyi, analipinda bwino n'kuliika m'bokosi. Ndinaona ndekha. Munalibe china chilichonse.

M'mawa mwake, alendo akuombera m'manja kompyuta ku ofesi, ife tinali panjira ya kumanda, anthu ochepa koma tikuimba mokweza kuti amve. Palibe anatiletsa. Ndinapempha kuti ndinyamule nawo, ndikuganiza kuti matabwa ouma ndi jekete si katundu woti n'kuchitira thukuta. Titangokweza, bokosi linanditsikira paphewa mpaka mawondo anapinda. Ndinayang'ana mnzanga wa mbali inayo, naye mitsempha inali itatuluka m'khosi. Tinkasinthana pafupipafupi, ndipo potsitsira m'manda zingwe zinatisupula m'manja.

Titakwirira, ndinakhala pambali ndikusisita phewa. Mayi Marita anabwera, maso atatupa koma nkhope itamasuka, nandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Pepani, achimwene, akupwetekani," anatero. "Abambo akwathu anali munthu wathupi."